Waya Wopita Kuseri kwa Mpanda

Lachitatu masana, kabokosi ka Hilario kojambulira mawu kanaleka kufuka utsi n'kuyamba kugwira ntchito. Anali atakawotcherera miyezi inayi pakhonde la nyumba yake ya kampani ku Nchalo, thukuta likudonthera pa magazini imene ankakoperamo kayendedwe ka mawaya. Tizipangizo tina anazula m'mawailesi akufa. Kamodzi ka miyendo yambiri ngati bongololo anachita kuitanitsa ku Blantyre. Kompyuta inali yotha, yotayidwa ndi ofesi ya ku esiteti ya nzimbe kumene iye ankagwira ntchito ya magetsi.

"Kaseti imatafunika, komanso dzuwa la kuno limaipinda," ankauza wofunsa ndi wosafunsa yemwe. "Aka kamadula mawu m'tizidutswa, kachidutswa kalikonse n'kukasandutsa nambala. Nambala siwola."

Wapampando wa nthambi ya chipani anabwerapo kudzaona ngati kabokosiko kamalankhula ndi maiko akunja. Anaonetsedwa khadi la chipani, anamwa Fanta, n'kubwerera osatolapo kanthu.

Chimene Hilario ankafuna chinali mawu a apongozi ake, mayi a mkazi wake Priska. Iwo anathawa nkhondo ku Mutarara, kutsidya kwa malire, ndipo anthu akwawo ankati pa nyimbo za gule wa utse panalibe wowaposa. Tsopano nkhondo inali itatha, malole obweza anthu kwawo anali atayamba kunyamuka. Akapita mayiwo, nyimbo zipita nawo.

Chovuta chinali ulemu. Hilario anali mkamwini woleredwa bwino, ndipo ankaonetsetsa kuti anthu adziwe zimenezo. Apongozi sankawayang'ana kumaso. Kuseri kwa mpanda wa bango kumene ankakhala sankapondako phazi. Uthenga uliwonse unkadzera mwa Priska. Choncho analumikiza waya wautali kuchokera pakhonde mpaka kuseri kuja, n'kupatsira mkazi wake maikolofoni.

"Kawapemphe ayimbe. Ugwire chonchi, osagunditsa pamlomo. Iweyo usayerekeze kuwathandiza, ungandionongere manambala."

"Bambo a Rute, pajatu amayi..."

"Zinazo pambuyo. Magetsi angathime."

Priska anatenga maikolofoni n'kuzimirira kuseri kwa bango.

Nyimbo inabwera ndi waya. Anali mawu akuya, osathamanga, Chisena chake chenicheni cha kumudzi. Manambala anayamba kutsetsereka pa galasi la kompyuta, Hilario tsitsi lili nyaunyau. Zaka zisanu akukhala ndi chuma chotere pabwalo pake, chikungothera kutsukuluza mbale! Kompyutayo sinkachedwa kudzaza, choncho ankatenga nyimbo imodzi patsiku. Lachinayi inali ya mkazi wodikira bwato padoko. Lachisanu inali ya maliro, ndipo katswiri wa magetsi anapukuta m'maso ndi kansanza ka mafuta.

Loweruka anaitana anzake a kuntchito, anawakhazika pansi pa mtengo wa nimu. Anayamba wafotokoza ola lathunthu za momwe mawu amalowera mbali iyi n'kutulukira mbali inayo. Anthu atayamba kuyasamula, anadina batani.

Jeremiya, dalaivala wa thirakitala amene amayi ake anali a ku Mutarara komweko, anavula chipewa n'kuweramitsa mutu.

"Mwamva?" anatero Hilario nyimbo itatha. "Mawu otere sakubadwanso. Akale anali akale. Ine ndimangodabwa kuti mwana wawoyu anatengera yani, chifukwa zaka khumi ndi ziwiri m'banja sindinamvepo ngakhale Aleluya womveka."

Anzake anaseka pang'ono, mwaulemu, poti thobwa limene ankamwa anali atafulula Priska yemweyo. Iye ankatolera makapu.

"Mayi a Rute," anapitiriza Hilario, chifuwa chili patsogolo, "kawauze apongozi kuti mkamwini wawo wathokoza kwambiri. Zidzukulu za zidzukulu zawo zidzawamva chifukwa cha manja angawa. Uwafunsenso tsiku lonyamuka, ndiwakonzere kathumba ka shuga."

Priska anaika makapu m'beseni, n'kupukuta manja pachitenje.

"Shugayo mutumize ku Mutarara. Amayi anakwera lole Lolemba m'mawa. Kuseri kwa mpanda ndakhala ndikupitako ndekha, ndiye ngati mukufuna nyimbo ina nenani msanga ndisanayambe kuchapa."