Pepala la Pilira la Chipwitikizi

A Funsani, mphunzitsi wamkulu pasukulu ina kufupi ndi Mayani, anatembenuza kachitatu pepala la zotsatira za mayeso limene mtsikana wofuna malo anabwera nalo. Linali la Chipwitikizi. Anangotolapo dzina loti Pilira ndi nambala 16.

Patebulo panalinso kalata yonena kuti maboma agwirizana zoti mwana wochokera dziko lina azipitiriza pomwe analekezera. Koma sinafotokoze kuti kalasi yakeyo aidziwa bwanji.

"Kodi 16 ameneyu ndi pa 100?" anafunsa.

"Ndi pa 20, aphunzitsi," anayankha Pilira. "Ku Mozambiki ndinkakhala nambala wani."

Bambo ake, a Damiano, ankangofinya chipewa m'manja. "Mukamubweza kwa tiana, wanena kuti sukulu aisiya. Msinkhu wakewu mukuuona nokha."

A Funsani anamupatsa buku la Chingerezi la Sitandade 7. Mtsikanayo analiyang'anitsitsa, koma sanathe kuwerengamo ngakhale mzere umodzi. Kenaka Pilira anatola choko n'kumaliza samu imene inali pabolodi la muofesimo, yomwe dzulo lake inagonjetsa a Sitandade 8.

Belu linalira. A Funsani anatsegula kaundula, cholembera chili m'malere.

"Ndikalowe chitseko chiti, aphunzitsi?" anafunsa Pilira.