Moni wa Teddy pa Wailesi

"Mwadzuka bwanji, amayi Mwaka? Ndine Teddy wa ku Kambombo. Ife ndi a ku Chama tavomera. Tsegulani shedi manje, lole itenge mpunga."

Mwaka, woyang'anira nthambi ya kampani ku Tembwe, anaiyang'anitsitsa wailesi ya mauthengayo. Mpunga sunkatuluka popanda nthambi zitatu za Tembwe, Kambombo ndi Chama kugwirizana, koma aliyense wokhala ndi wailesi ankatha kulowererapo.

"Sinditsegula," anatero. "Kandinenezeni kwa mabwana ku Lusaka!"

Dalaivala wa loleyo, amene ankadikira panja, anamuopseza mpaka kutopa, kenako analiza galimoto n'kuchoka.

Masana wailesi ija inalankhulanso. "Iwe Mwaka, wouma mutu iwe! Usatsegule, kukuyenda akuba!"

Mwaka anamwetulira. Ameneyu ndiye anali Teddy weniweni. Kuyambira pamene Mwaka anamukana ukwati, mwamunayo anali asanamupatsepo moni.