Chikepe cha Patson pa Chulu

Panali munthu wina ku Kitwe, nthawi ya Chitaganya, dzina lake Patson, makanika wochokera ku Fort Jameson. Nkhaniyi musaitsutse. Ine sukulu sindinaiponde, koma kuyambira ku Ndola mpaka ku Chingola palibe amene anandigwirapo bodza.

Patson ankakonza magalimoto pakhomo pake, njira ya ku Garneton, atagona chagada m'fumbi. Mu 1961 mzungu wina wa galaja ku Ndola anayamba kugulitsa katundu kuti azipita kwawo. Anali ndi zikepe ziwiri zokwezera galimoto m'mwamba, china cha mzati umodzi, china cha mizati inayi chopukusa ndi manja. Patson anasankha cha inayi.

"Munaonapo ng'ombe ikugwa ili chilili?" anatero. "Miyendo folo, basi."

Pakhomo pakepo panali chulu. Zulu za masiku ano ndi timilu ta mbatata. Chimenecho ukakwera pamwamba unkaona Ndola yense, mpaka ntchentche za pamsika. Patson anachigumula, nasalaza, namanga galaja ya malata pomwepo, poti dothi lake linali gwa ngati chitsulo.

Mkulu wake, Horace, anali wa pamgodi, zaka twente akuchirikiza miyala ndi mitengo pansi pa nthaka. Anthu a pansi salowa pamalo asanagogode denga ndi chitsulo kuti amve kulira kwake. Horace anabwera ndi chitsulo chake chachitali, nagogoda pamene padzakhale mizati. Malo atatu analira bwino. Achinayi analira bu, bu, ngati ng'oma.

"Mng'ono wanga, pansi apa pali mphako. Chiswe sichinasamuke. Kumba mpaka udutse chulu chonse, uthire simenti yofika m'chiuno, udikire mwezi."

"Mwezi? Akulu, makasitomala andidikira mwezi? Mantha a kumgodi mwatuluka nawo kunja. Kuno kulibe denga logwa."

Patson anathira simenti yopyapyala ngati chikhatho, tsiku lachitatu n'kumanga mabawuti. Chilimwe chonse chikepe chinagwira ntchito. Anthu ankayenda wapansi kudzaona galimoto ili m'malere. Tsiku lina ndinawerenga ndekha sauzande, osawerengera makanda a kumbuyo.

Ndiye inagwa mvula yoyamba. Itangokata, inswa zinayamba kutuluka patsinde pa mzati wachinayi uja. Mkazi wake, Matilda, anatola ndowa fote. Ine ndinadyako, musandifunse kawiri. Koma mayiyo mtima sunakhale pansi.

"Atate ake Betty, inswa sizituluka pamwala. Simenti yang'ambika."

"Amake Betty, chikepe changa chayamba kubereka ndiwo, iwe n'kumadandaula? Kazinga, uthire mchere."

M'mawa mwake Matilda anakwera njinga kukaitana mlamu wake kukomboni. Horace anabwera atangoweruka, chipewa cha mgodi chili kumutu, chitsulo chili m'manja. Anapeza lole ya a Kingsford, ogulitsa makala, ili pamwamba ndi matumba ake onse, chifukwa Patson anati kutsitsa katundu n'kutaya nthawi. Patsonyo anali atakhala pansi pa loleyo ndi mbale ya inswa pamiyendo, akuseketsa anthu oonerera.

Horace sanapereke moni. Anaika chitsulo mumng'alu wa simenti, natsamira pang'ono. Chitsulo chinalowa chonse mpaka pogwirira.

"Patson, tuluka."

"Mwafika bwino, akulu. Khalani apa tidye, zanona."

"Ndati tuluka!"

Tizidutswa ta makala tinayamba kugwera m'mbale, ti, ti, ti. Patson ankangotichotsa ndi chala. Koma munthu wa pansi amadziwa kuti denga lisanagwe limayamba kulavula timiyala. Horace anadumphira pansi pa lole, nagwira mng'ono wake palamba, namuponyera kunja.

Mzati uja unamira ngati msomali m'nthochi, lole n'kugwa pansi. Phokoso lake linamveka ku Ndola, agalu a kumeneko sanadye masiku atatu.

Koma apa sindiwonjezera kanthu. Mwendo wa Patson unatsala pansi pa gudumu. Horace anatsala yense pansi pa lole. Anzake a kumgodi anathamanga ndi majeke ndi mitengo, nayamba kuchotsa matumba limodzilimodzi. Poyamba ankamumva akubuula. Atafika pakati pa matumba anasiya kumumva.

Maliro anaikidwa Patson ali m'chipatala. Tsiku lachitatu mkazi wa malemuyo, Keziya, analowa m'wodi ndi chipewa cha mgodi chija, chophwanyika mbali imodzi, nachiika pabedi pamene panayenera kukhala mwendo.

"Alamu," anatero, osakweza mawu, "zaka twente mgodi unkandibwezera mwamuna wanga tsiku lililonse. Kwanu anangobwera kudzacheza."

Patson anakhala zaka zina zambiri. Ankamata machubu a njinga pansi pa mtengo, ndodo ili pambali. Mvula yoyamba ikagwa, ana akayamba kuthamangira inswa, ankalowa m'nyumba n'kutseka chitseko. Mizati itatu ija inachita dzimbiri ili chilili pakhomo. Palibe amene anafuna kuigula.

Phunziro: Chinthu sichilimba chifukwa cha kuchuluka kwa miyendo, chimalimba ndi pamene chaponda. Munthu wodziwa ntchito akakuuza kuti kumba, kumba. Akati dikira mwezi, dikira mwezi. Liuma lako silipha iwe wekha, limapha amene amakukonda mpaka kulowa pansi pa lole kukakutulutsa. Musaisunge nkhaniyi m'thumba. Ipatseni makanika aliyense amene mukumudziwa, ndi aliyense amene ali ndi mkulu wake woti n'kumumvera akadali moyo.