Moto wa Mayi Ndau

Mayi Salome Ndau ankangopukuta tebulo loyera kale. Tsikulo akuluakulu a bodi ya koleji ankabwera kudzaona ngati mayiwo, mlangizi wa ophunzira, ndi ofunikadi, kapena malipiro awo azingogulira nyemba za kukhitchini.

Mantha analibe. Chaka chatha, inde, zinali zomvetsa chisoni. Kaofesi kawo kakale, kogundizana ndi ka mphunzitsi wamkulu, kankangolowa ntchentche basi. Mwana wa ku Biriwiri vuto amauza amalume ake, osati mayi wa digiri ya zamaganizo. Koma magetsi atayamba kuzimazima, sola n'kumangowalira mdadada wa mabwana, ana aja anayamba kubwera, mzere mpaka pakhonde. Mayi Ndau sanadabwe. Mabuku amanena kuti mdima umabala nkhawa.

Wosajomba anali Redson wa chaka chachiwiri. Akalowa ankaika chikwama kuseri kwa mpando wapakona, n'kukhala, nkhope ili ndwii.

"Madamu, moto wandithera."

Mawu akuya bwanji! Mayiwo, pokhala anaphunzira kuti mlangizi wabwino safulumizitsa munthu, ankangogwedeza mutu. Redson ankakamba za mtengo wa kachewere ku Lizulu, za mbuzi ya azakhali ake. Pakapita nthawi ankasuzumira m'chikwama muja, mwina kubisa misozi, n'kudzuka akumwetulira.

"Wabwerera, madamu. Mulungu akudalitseni."

Anzake nawonso nyimbo inali yomweyo. Ankafika moto utatha, n'kuchoka utadzaza. Mayi Ndau mpaka anakayankhula pamsonkhano ku Lilongwe za moto wa mumtima mwa wachinyamata, madokotala n'kuwomba m'manja. Atabwerako anavuta mpaka mabwana anawapatsa chipinda chachikulu kuseri kwa bwalo la mpira, momwe kale ankasungiramo makasu. Ntchito yaikulu imafuna malo, ati. Anali atangosamukiramo dzulo lake.

A bodi anafika, anakhala, anamwa tiyi. Pakhomo panalibe ngakhale galu. Wapampando anayang'ana wotchi, kenako anayang'ana mphunzitsi wamkulu. Mayi Ndau anasuzumira panja. Ntchito ikatha pano, kwawo ku Bwanje akakachita chiyani, kupirikitsa mbalame mumpunga?

Mwadzidzidzi kunja kunamveka mgugu. Redson uyo, chikwama paphewa, gulu lili pambuyo. Mtima wa mayiwo unakhala pansi, ndipo anangotsala pang'ono kulira ndi chimwemwe.

Mnyamatayo anapereka moni mwaulemu. Anasuzumira kuseri kwa mpando. Anawerama kuseri kwa kabati. Anayendetsa maso khoma lonse, nkhope ikugwa.

"Usaope alendowa, mwanawe," anatero Mayi Ndau mokweza kuti onse amve. "Auze wekha chimene umadzapeza kwa ine."

Redson anapisa m'chikwama n'kutulutsa foni ndi tchaja.

"Moto, madamu. Koma nanga soketi ili pati muno?"