Lole Imene Inaimba pa Maliro

Panali munthu wina ku Nangongwe, m'tauni ya Kafue, dzina lake Ferdinand, amene ankakhala pafupi ndi ngalande ija yamera udzu lero. Amene anachoka ku Kafue kalekale amaikumbukira ili yoyera, madzi a mvula akuthamanga osaima pakhomo pa munthu.

Ferdinand anali dalaivala wa lole yonyamula zinyalala. Chaka chilichonse dzuwa likayamba kuswa mtengo, anthu ankafukula ngalande, iye n'kumatuta matopewo mvula isanagwe.

Chaka china khansala wawo, a Titus, anamuitana. Masankho anali kutali, koma iwo anamva kuti wina wayamba kale kugawa zitenje.

"Ba Ferdinand, tsukani lole iyi. Timangapo masipika."

"Nanga ngalande, abwana?"

"Ngalande imavota?" anatero a Titus, onse n'kuseka.

Mkazi wa Ferdinand, Gwendolyn, atamva zimenezi sanaseke. Iye ankagulitsa tomato pakhomo, ndipo madzi ankatunga pachitsime cha kuseri kwa nyumba, m'munsi mwa ngalande.

"Bashi Joy," anamuitana ndi dzina la mwana wawo, "mitambo muiona? Nyansi zonse izi zizabwela mu chitsime. Bauzeni abwana banu."

"Iwe, ni wiki imodzi chabe. Tikabwela tizachosa."

"Wiki yanu ija ya chaka chatha?"

Sabata inasanduka mwezi. Lole inazungulira misika, mipira ndi maliro, ikuimba nyimbo imodzimodzi: "Titus bwererani, Titus musatisiye!" Ofukula ngalande anadikira, kenako nawonso anavala masikipa a kampeni n'kukwera kumbuyo.

Mvula yoyamba inagwa Ferdinand ali kumidzi ya asodzi kumtsinje. Ngalande inasefukira, madzi akuda n'kulowa m'chitsime. Foni yake inalira kangapo, koma masipika anali pamwamba pa mutu wake. Sanaimve.

Atabwerera anapeza Gwendolyn ali kuchipatala, kolera itamuumitsa ngati nkhuni. Mkaziyo anatsegula maso pang'ono.

"Mwachosa?" anafunsa.

Mawa lake mkaziyo anamwalira.

A Titus anatumiza lole yomweyo kuti inyamule bokosi, monga ankachitira pa maliro onse. A zaumoyo analola anthu ochepa okha. Ferdinand anakhala kumbuyo, dzanja lili pabokosi. Mnzake Enock atangoliza injini, masipika amene palibe anakumbukira kumasula anaphulika:

"Titus bwererani, Titus musatisiye!"

Enock anasokonezeka, osadziwa pothimitsira. Nyimbo inafika kumapeto, bokosi likunjenjemera ndi ng'oma zake. Azimayi amene anayamba nyimbo ya maliro anangotseka pakamwa.

Ferdinand sanagwirenso chiwongolero. Mitambo ikayamba kuda, mudzamuona yekha m'ngalande ndi fosholo, matope mpaka m'maondo. Nthawi zina amaima n'kutchera khutu.

"Mwaimva?" amafunsa odutsa. "Yayambanso."

Koma kumakhala kuli zii. Anthu amangoweramitsa mitu, chifukwa ambiri a iwo anavina nyimbo imeneyo.

Phunziro: Amene tinamusankha kuti agwire ntchito akayamba kupempha voti nthawi isanakwane, ntchito imene wasiyayo imagwera pakhomo pa munthu wina. Musavine musanafunse kuti lole yachoka pa ntchito yanji. Tumizirani anzanu, ndipo wina wodziwa kulemba ailembe bwino nkhaniyi, dzina la Gwendolyn lisaiwalike.