Chambo cha a Zikhalo m'Dimba la Akazi Awo

Panali munthu wina ku Bembeke, a Zikhalo, mkamwini womvera alendo kuposa a pakhomo pake.

Tsiku lina pa msika wa Chimbiya anakumana ndi mlendo wogulitsa tiana ta chambo tochokera ku Salima.

"Bwana, mbatatesi ndi ulimi wa agogo. Kumbani dziwe, chambo sichisankha madzi," anatero mlendoyo.

A Zikhalo analibe malo awoawo. Anazula mbatatesi yosakhwima m'dimba lomwe akazi awo, mayi Bernadetta, anasiyiridwa ndi amayi awo, nakumba dziwe, nalowetsamo madzi a kasupe wa m'phiri. Unali mwezi wa Juni.

Mwana wawo Thokozani, yemwe anaphunzira za zamoyo zam'madzi ku koleji, analankhula maso ali pansi.

"Bambo, dikirani nyengo yotentha. Apo ayi, majumbo a nsombawo muwayandamitse kaye padziwepo osamasula, madziwo afanane kutentha kwake."

"Wazitenga kuti zimenezo?"

"Kunyanja yamchere kuli zamoyo zomanga matanthwe pansi pa madzi, zotchedwa makorali. Madzi akatentha kuposa momwe zinazolowera, zimataya ndere zomwe zimazidyetsa n'kuyera ngati mafupa. Akazizira kwambiri, chimodzimodzi. Nanji kansomba, bambo?"

A Zikhalo anaseka. "Amake Thoko, mwamva? Nkhumba zathu zinathera kuphunzira miyala."

Mlendo anabweretsa majumbo masana, madzi ake atafunda ndi dzuwa pagalimoto. A Zikhalo anaviika dzanja m'dziwemo.

"Ozizira pati? Ine ndimasamba omwewa kuyambira ndili mnyamata."

Anamasula majumbo onse n'kukhuthula.

Pofika tsiku lachitatu dziwe lonse linali mbuu, tinsomba tili chagada. Foni ya mlendo uja sinkapezekanso.

Kunabwera a Alufeo, mlongo wa mayi Bernadetta, mwini mbumba. Anayang'ana dziwelo, nayang'ana mulu wa mbatatesi yowola.

"Alamu, pamudzi pano munabwera ndi khasu limodzi. Mukwirire nalo dzenjeli, mukatha mulinyamule."

Mayi Bernadetta sanawaikire kumbuyo. Anangoti, "Dimbali linalera ana asanu. Inu mwalitha m'sabata ziwiri."

Thokozani ankawola nsomba zakufa ndi lichero. Bambo ake anamuyandikira.

"Miyala yako ija, ikayera imachira?"

"Ina imachira, bambo, madzi akabwerera msanga mwakale."

"Akachedwa?"

Thokozani anapitiriza kuwola nsombazo. A Zikhalo anacheuka kuyang'ana akazi awo, koma iwo anali atayamba kale kukwera chitunda, osatembenuka.

Phunziro: Chamoyo chilichonse chili ndi kutentha ndi kuzizira komwe chimapirira, ndipo dzanja lanu si muyeso wake. Musanyoze mwana amene munamuphunzitsa nokha chifukwa cha mlendo amene mawa foni yake idzazima. Tumizirani ena, makamaka amene akufuna kukumba maiwe kumapiri kuno.