Gemu yatsopano ya hoke ndi dzanja la achimwene anga

Panali munthu wina kuno ku Kapuskasing, ndipo dzina lake sindibisa: Darcy Beaulieu. Anakwatira Lorraine, mwana wa achimwene anga a Armand. Munthu ameneyu chaka chilichonse amathamangira kusitolo kukagula gemu yatsopano ya pa TV ya hoke, masewera a pa ayezi aja. Ukamufunsa kuti chasintha n'chiyani, amati osewera asamuka matimu, ayezi akuwala kwambiri, thukuta likuoneka pankhope. Basi.

Achimwene anga anagwira ntchito kufakitale ya mapepala mpaka sitiroko inawagwetsa. Inawalanda mawu ambiri ndi mphamvu ya dzanja lamanja. Chimene inawasiyira ndi gemu yawo yakale ya hoke, pamakina akale. M'gemumo anapangamo timu yawoyawo, ya iwo ndi anzathu akufakitale, ena oti tinaika kale m'manda. Supuni inkawavuta kugwira, koma akagwira padi yoseweretsera gemuyo zala zinkapeza mabatani pazokha. Mayi wamafizo anauza alamu anga a Ghislaine kuti asawaletse, dzanja likudzukira pomwepo. Loweruka lililonse ndinkapita kukasewera nawo m'chipinda chapansi. Akandigoletsa ankaseka n'kunena mawu amene sankawavuta: "Wagona iwe."

Darcy ankainyoza gemuyo. Ankati apongozi ake akusewera ndi mizukwa. Ndinamuuza poyera kuti makinawo asawakhudze. A Ghislaine anamuuzanso. Iye anangoseka, amvekere madala timaopa chilichonse chokhala ndi waya.

Khirisimasi itayandikira, sitolo ina ku Timmins inalengeza kuti ukabweretsa makina akale amakutsitsira mtengo wa atsopano. Tsiku limene a Ghislaine anaperekeza amuna awo kumafizo, Darcy analowa m'nyumba mwawo ndi kiyi wa mkazi wake. Anazula makina, mapadi ndi chimbale, n'kuikapo atsopano ndi gemu ya chaka chimenecho. Anamangapo kariboni kofiira.

Madzulo ake tonse tinatsikira pansi, inenso ndinalipo.

"Bambo, mphatso yanu ndi imeneyo," anatero Darcy. "Zakale zija zapita. Tsopano muone hoke yeniyeni."

Timu ya achimwene anga munalibe, chifukwa gemu yatsopano silandira za m'gemu yakale. Darcy anawasankhira timu ina n'kuwaika padi m'manja. Iwo anathamangitsa wosewera mpaka kugolo, n'kudina batani limene akhala akuwombera nalo zaka zonsezi. Wosewerayo anangotembenuka. Anadinanso. Anatembenukanso. Opanga gemu anali atasintha mabatani, kuwombera anakuika pakandodo kakumanja kofuna chala chopepuka. Darcy ankadziwa, koma sanaganize n'komwe zonena, poti iye amazolowera zatsopano chaka ndi chaka.

Achimwene anga sanaganize za mabatani. Anayang'ana dzanja lawo. Padi inagwa pansi, kupuma kunayamba kuthamanga.

"Lafanso," anatero. "Ghislaine, dzanja lafanso."

Tonse tinaganiza kuti sitiroko yabwerera. Ndinawanyamula pamasitepe, tinawaika m'galimoto. Msewu unali woterera, ndipo kumbuyo ndinkangomva alamu anga akuwauza kuti awafinye chala, iwo osafinya. Kuchipatala anawaunika m'mutu, sanapeze chatsopano. Anati magazi anathamanga ndi mantha.

Titabwerako ndipamene Lorraine anatiuza za mabatani. Tinawafotokozera achimwene. Anagwedeza mutu ngati amva, koma sanakhulupirire. Amaona ngati tikungowatonthoza, monga tinkachitira pa sitiroko ija, pamene tinkawauza kuti mawu abwerera onse.

Ndinapita ku Timmins kukawombola makina aja. Wogulitsa anandiuza kuti akalandira makina amafufuta zonse zam'kati, ndiponso athuwo anali atagulidwa kale. Ndinasakasaka ena onga omwewo, ndinawapeza kwa mayi wina ku Hearst pamodzi ndi chimbale chakale. Nditayatsa, achimwene anga anayang'ana mayina a timu, anzathu aja munalibe. Ndinawapatsa padi, anabisa dzanja m'khwapa. Mpaka lero amatero. Amaopa kudina n'kuonanso wosewera akukana.

Mayi wamafizo akuti zala zayamba kupindika, ndipo zikangouma sizidzawongokanso. M'mawa uliwonse a Ghislaine amaziwongola chimodzichimodzi, kenako amandiimbira foni kundiuza ngati chaching'ono chatambasuka kapena ayi.

Ndinamupeza Darcy akuchotsa chipale chofewa pakhomo pake. Ndinamuuza kuti achimwene ife satikhulupirira, koma iye angamumvere, poti ndi amene anazula makina. Apite akakhale nawo pansi, akawaonetse mapadi onse awiri, yakale ndi yatsopano, akanene ndi pakamwa pake kuti cholakwa ndi iye osati dzanja.

"Bambo aang'ono, ndi gemu chabe imeneyi. Ine ndimafuna kuwasangalatsa. Chabwino, ndibwera Lamlungu."

"Ubwere zala zisanaume," ndinamuuza.

Lamlungu Lorraine anabwera yekha, atanyamula payi wa nyama. Anati mwamuna wake ali ndi chimfine. Sabata inayo anati akuchita manyazi.

Phunziro: Mukafuna kugula gemu imodzimodziyo chaka chilichonse chifukwa asintha jezi, gulani, ndi nyumba yanu. Koma chinthu chimene munthu wodwala wachizolowera musachizule osamufunsa, ngakhale chikuoneka chakutha. Amene amamusamalira akakuuzani kuti musakhudze, musakhudze. Tumizani nkhaniyi kwa ena, makamaka akamwini odziwa zonse. Ikamupeza Darcy Beaulieu, adziwe kuti apongozi ake akadali m'chipinda chapansi, dzanja lili m'khwapa. Analonjeza kubwera. Sanabwere.